Wamkulu ndani: wonyamula chikho kapena womwetsa zigoli?

Pa 23 November 2024 mumzinda wa Kansas City ku America munali ndime yomaliza ya ligi ya mpira wa amayi ya NWSL. Masewerowo anachitikira pabwalo la CPKC, kwawo kwa Kansas City Current, timu ya Temwa Chawinga. Koma eni bwalo tsikulo sanavale jezi. Masiku asanu ndi limodzi m'mbuyomo anali atagonja 3-2 kwa Orlando Pride m'ndime ya matimu anayi, kotero mwana wa ku Rumphi amene anagwedeza ligi yonse chaka chimenecho sanali nawo polimbirana chikho pakhomo pake pomwe. Amene analowa m'bwalo anali Barbra Banda wa ku Lusaka. Pa mphindi ya 37 Banda anagwedeza ukonde, ndipo chinali chigoli chokhacho tsikulo. Orlando inagonjetsa Washington Spirit 1-0 n'kunyamula chikho.

Chaka chimenecho Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi, kupitirira 18 zimene Sam Kerr wa ku Australia anamwetsa mu 2019. Matimu onse 13 amene anakumana nawo anawachinya, osasiyako ngakhale imodzi. Analandira nsapato yagolide, nasankhidwanso kukhala wosewera woposa onse mu ligi. Banda anali ndi zigoli 13, koma anawonjezera zinayi m'masewero atatu a chipulula, mmene wogonja amalongedza n'kumapita kwawo.

Ndiye wamkulu anali ndani chaka chimenecho? Funso lotere ndi limene limautsa phokoso m'maminibasi, pa bawo ndi m'malo oonetsera mpira. Wina amati mpira timasewerera chikho, zigoli zosabweretsa chikho n'zokongoletsera chabe. Mnzake amamuyankha kuti mendulo amalandira ndi amene anangokhala pabenchi yemwe, pomwe zigoli 20 zili ndi mwini wake mmodzi. Ine mbali yanga ndiinena poyera. Kuwerenga zikho pofuna kudziwa ukatswiri wa munthu mmodzi ndi muyeso wopanda chilungamo, ndipo amene umawapweteka kwambiri ndi osewera ochokera m'maiko ngati athu ano. Komabe a mbali inayo ali ndi mfundo zolemera, ndipo ndi bwino tiyambe tawamva.

Nkhani ya mphete

Ku America timu ikatenga ukatswiri, wosewera aliyense amapatsidwa mphete yachikumbutso. Choncho ukangotchula dzina la katswiri, anthu amayamba afunsa kuti ali ndi mphete zingati. Amene anakoleza moto wa mkanganowu anali osewera basketball awiri, Wilt Chamberlain ndi Bill Russell.

Chamberlain ankachita zinthu zovuta kukhulupirira. Pa 2 March 1962 anapeza mapointi 100 yekha m'masewero amodzi polimbana ndi New York Knicks, ndipo kufikira lero palibe wina wafikapo mu NBA. Nyengo yonse ya 1961/62, tikagawa mofanana, ankapeza mapointi opitirira 50 pa masewero aliwonse. Russell sankafika ngakhale pa theka la nambala imeneyo. Yake inali ntchito yotchinga, kutola mipira imene ena aphonya ndi kuyambitsa anzake kuthamangira kutsogolo. Koma pa zaka 13 zimene anasewera ku Boston Celtics anatenga ukatswiri ka 11, Chamberlain moyo wake wonse kawiri kokha. M'chaka chomwecho cha mapointi 100, osewera anzawo atavota anasankha Russell kukhala woposa onse, ndipo Boston inatulutsa timu ya Chamberlain, Philadelphia Warriors, m'chipulula.

Okonda zikho saiwala kutchula 1967. Chaka chimenecho Chamberlain anachepetsa kuponya yekha, mapointi ake anatsika kufika cha m'ma 24 pa masewero, nayamba kupatsira anzake. Timu yake, Philadelphia 76ers, inadutsa Boston n'kutenga ukatswiri. Mfundo yawo ndi yakuti munthu angathe kudziunjikira manambala timu ikuvutika. Apa ndikuwavomereza. Tonse tinamuonapo womwetsa zigoli amene amaombera pagolo ali pakona yosatheka, mnzake ali yekhayekha pakati atakweza manja. Pomaliza pa nyengo dzina lake limakhala pamwamba pa mndandanda, timu yake ili pakati. Ndi zoonanso kuti alipo osewera amene miyendo imalemera masewero akakula, ndipo alipo ena amene tsiku loterolo ndiye amadzuka.

Vuto limabwera tikautenga muyesowu n'kuugwiritsa ntchito pa aliyense. Robert Horry ali ndi mphete 7: ziwiri ku Houston Rockets, zitatu ku Los Angeles Lakers, ziwiri ku San Antonio Spurs. Michael Jordan ali ndi 6. Horry anali wosewera wabwino, wosanjenjemera pa mphindi zomaliza, koma sanasankhidwepo ngakhale kamodzi kukasewera m'gulu la akatswiri la All-Star. Kulikonse kumene anapita anapeza ziphona: Hakeem Olajuwon wobadwira ku Lagos, Shaquille O'Neal ndi Kobe Bryant, kenako Tim Duncan. Palibe munthu wodziwa basketball amene anganene kuti Horry amaposa Jordan, ngakhale amene amalumbira pa mphete. Akafika pamenepa amati tiyang'anenso zimene munthuyo ankachita m'bwalo. Akatero ndiye kuti abwerera ku manambala omwe aja amawakana.

Mwendo wa goloboyi

Pa 18 December 2022 ku Lusail, m'dziko la Qatar, Argentina ndi France anali 3-3 m'ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse, nthawi yowonjezera itatsala pang'ono kutha. Randal Kolo Muani anapezeka yekha ndi goloboyi. Anaombera bwino, pansi, mwamphamvu. Emiliano Martínez anatambasula mwendo wamanzere, mpira n'kubwerera. Patangopita mphindi zochepa Argentina inapambana 4-2 pa mapenate, ndipo dziko lonse linagwirizana kuti tsopano Lionel Messi wakwanira.

Taganizani mofatsa. Pamene Kolo Muani ankaombera, Messi anali kutali, alibe chochita. Mwendo uja ukanachedwa pang'ono, anthu omwewo bwenzi lero akunena kuti Messi analephera kawiri m'ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse, kotero sangakhale pampando umodzi ndi Pelé kapena Maradona. Wosewera yemweyo, zigoli zomwezo, zaka pafupifupi 20 za ntchito yomweyo, koma chigamulo chonse chikudalira phazi la munthu wina. Komanso Messi wa 2022 anali ndi zaka 35 ndipo nthawi zambiri ankangoyenda m'bwalo kudikira mpata. Messi woopsa kwenikweni anali wa 2012, wa zaka 25, amene anamwetsa zigoli 91 m'chaka chimodzi. Chaka chimenecho ligi ya ku Spain inapita ku Real Madrid, chikho cha ku Ulaya ku Chelsea, Barcelona n'kutsala ndi Copa del Rey yokha. Tikamawerenga zikho, tikunena kuti Messi wofooka anaposa Messi wamphamvu.

Usiku womwewo ku Lusail, Kylian Mbappé anamwetsa zigoli zitatu m'ndime yomaliza, nagoletsanso penate yake pomaliza. Anapita kwawo wogonja. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, Cristiano Ronaldo anatuluka m'bwalo akulira pa mphindi ya 25 atavulala bondo m'ndime yomaliza ya Euro 2016. Chigoli chimene chinapatsa Portugal chikho anamwetsa ndi Éder pa mphindi ya 109. Chikhocho chimalembedwa pa mbiri ya Ronaldo, ndipo n'koyenera chifukwa anathandiza kwambiri kuti timu ifike pamenepo, koma tsiku lenilenilo anapambanira ndi anzake.

Kwa ife a kuno, chitsanzo chimene chimakhudza mtima ndi cha pa 12 February 2012 ku Libreville. Ivory Coast ya Didier Drogba ndi Yaya Touré inasewera mpikisano wonse wa Africa Cup of Nations osachinyidwa chigoli ngakhale chimodzi. M'ndime yomaliza, chigawo chachiwiri, Drogba anaponya penate kumwamba. Masewero anatha 0-0, Zambia n'kupambana 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu ndiye anamalizitsa. Amene ankakonda kunena kuti Drogba sadziwa kupambana anapeza umboni. Patangotha miyezi itatu, pa 19 May ku Munich, Drogba yemweyo anamwetsa chigoli cha mutu pa mphindi ya 88 Chelsea ikugonja kwa Bayern, kenako n'kugoletsa penate yomaliza imene inapatsa timuyo chikho chake choyamba cha Champions League. Munthu sasintha chotero m'miyezi itatu. Drogba anasiya kusewerera dziko lake mu 2014 ali ndi zigoli 65, wopanda chikho cha Africa, atagonja kawiri pa mapenate m'ndime yomaliza, mu 2006 ndi mu 2012. Chaka chotsatira Ivory Coast inatenga chikhocho iye kulibe, ndipo penate yomaliza anagoletsa ndi goloboyi, Boubacar Barry.

Mpira wamiyendo ndi masewero a zigoli zochepa, n'chifukwa chake mwayi uli ndi gawo lalikulu. Mu ligi ya masewero 26 kapena 38, mwayi ndi tsoka zimafafanizana, ndipo timu yabwino imaonekera. M'chipulula tsiku limodzi limagamula zonse. Temwa anazionanso zimenezi mu 2025. Kansas City inatsogola ligi ndi mapointi ochuluka kuposa amene timu iliyonse inapezapo m'mbiri ya NWSL, iye anatenganso nsapato yagolide ndi zigoli 15, nasankhidwa kachiwiri kukhala woposa onse. Chipulula chitafika anali atavulala. Timu yake inatuluka pa masewero oyamba, kugonja kwa Gotham FC imene inathera pa nambala 8, ndipo Gotham ndi imene inakanyamula chikho. Ku England kapena kuno kwathu, timu yotsogola ligi chotero ndiyo akatswiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku America malamulo ndi ena. Ndiye kuti Temwa akhale "wopambana" kapena "wopanda chikho chachikulu" zikudalira mmene eni ligi anakonzera mpikisano wawo.

Banda mwiniwake amadziwa mbali zonse ziwiri. Pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021 anamwetsa zigoli zitatu polimbana ndi Netherlands, Zambia n'kugonja 10-3. Masewero otsatira anamwetsanso zitatu, n'kufanana mphamvu ndi China 4-4. Ku France mu 2024 anamwetsa zitatu zina polimbana ndi Australia, Zambia inatsogola 5-2, pomaliza n'kugonja 6-5. Zigoli zisanu ndi zinayi m'masewero atatu, osapambana ngakhale amodzi. Miyezi inayi pambuyo pake, ali ndi Marta pambali pake ndiponso otchinga kumbuyo olimba a Orlando, chigoli chimodzi chinakwanira.

Kumene munthu anabadwira

Wosewera akatopa ndi kugonja angathe kusintha kalabu. Harry Kane anamwetsa zigoli 280 ku Tottenham osanyamula chikho, ndipo ankasekedwa nazo. Anapita ku Bayern Munich mu 2023, timu imene inali itatenga ligi ka 11 motsatizana. Nyengo yake yoyamba anamwetsa zigoli 36 mu ligi, koma Bayer Leverkusen inamaliza osagonja n'kulanda ukatswiri. Chikho chake choyamba chinabwera mu May 2025 ali ndi zaka 31. Sanasanduke wosewera wina mwezi umenewo. Anangokhala m'timu yokhala ndi ndalama ndi osewera oposa ena onse mu Germany.

Dziko ndiye sungasinthe mophweka chotero. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. George Weah analandira Ballon d'Or mu 1995, ndipo mpaka lero ndi yekhayo wosewerera dziko la mu Africa amene anailandira. Anatenga ligi ku France ndi Paris Saint-Germain, kawiri ku Italy ndi AC Milan. Koma anabadwira ku Liberia, dziko laling'ono limene nthawi ya ukatswiri wake linali m'nkhondo yapachiweniweni. Ankatulutsa ndalama m'thumba mwake kuti timu ya dziko iyende ndi kuvala. Anaifikitsa ku chikho cha Africa kawiri, mu 1996 ndi mu 2002, ndipo kupita ku chikho cha dziko lonse cha 2002 anaphonya ndi pointi imodzi yokha, kumbuyo kwa Nigeria. Tsono muikeni pambali pa Stéphane Guivarc'h, womwetsa zigoli wa France amene anayamba nawo ndime yomaliza ya 1998, osagoletsa ngakhale chigoli chimodzi mpikisano wonse, koma ali ndi mendulo yagolide ya dziko lonse. Mlimi wa pamchenga ndi mlimi wa kudambo sungawayeze ndi kukula kwa nkhokwe kokha. Uyenera kuona kaye nthaka imene aliyense anapatsidwa.

Kalusha Bwalya nkhani yake ndi yopweteka kuposa pamenepa. Mu 1988 anamwetsa zigoli zitatu pamene Zambia inaswa Italy 4-0 pa Olympics ya ku South Korea, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu Africa. Timu imene akanatenga nayo zikho inathera m'nyanja pa 27 April 1993, ndege itagwa pafupi ndi Libreville n'kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18. Iye anapulumuka chifukwa anali ku PSV Eindhoven ndipo amayenera kukakumana ndi anzake ku Senegal. Pasanathe chaka anatsogolera timu yosonkhanitsidwa mwachangu mpaka m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia, kumene inagonja 2-1 kwa Nigeria. Mu 1996 anamwetsa zigoli zochuluka kuposa onse, Zambia n'kuthera pachitatu. Chikho anachigwira mu 2012 atavala suti, ali mtsogoleri wa bungwe la FAZ. Amene anachinyamula ngati kaputeni ndi Christopher Katongo, msilikali wolimbikira amene anasewera bwino kwambiri mpikisano umenewo. Ulemu wake ndi womuyenera. Koma mufunse wokonda mpira aliyense ku Chipata kapena ku Kitwe kuti wamkulu ndani pakati pa awiriwa, sachedwa kuyankha. Ine ndimaona kuti kufikitsa timu ya anamfedwa m'ndime yomaliza mu 1994 kunali kovuta kuposa zikho zambiri zimene zili m'makabati a ku Ulaya.

Kwathu kuno zitsanzo zilipo za amayi. Mu 2017 Tabitha Chawinga, mkulu wake wa Temwa, anamwetsa zigoli 26 mu ligi yaikulu ya ku Sweden, kuposa wina aliyense, koma timu yake ya Kvarnsveden inatuluka mu ligi chaka chomwecho. Wowerenga zikho adzati Tabitha chaka chimenecho analephera. Wodziwa mpira amadziwa kuti kumwetsa zigoli 26 uli m'timu yothera kumunsi, imene imakhala nthawi yaitali ikuthamangitsa mpira, n'kovuta kuposa kumwetsa 26 uli m'timu ya akatswiri imene imakupatsira mipira khumi pa masewero. Anadzatsimikiza pambuyo pake: 23 ku Inter Milan mu 2022/23, woyamba mu Italy, 19 ku Paris Saint-Germain nyengo yotsatira, woyamba mu France. Maiko osiyana, makochi osiyana, zinenero zosiyana, zigoli zikungobwera. Chikho chimodzi munthu angachipeze mwamwayi, koma nsapato yagolide m'maligi ochuluka chotero sizingatheke.

Mwai Kumwenda nayenso. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse, Malawi Queens itathera pa nambala 6. Osankhawo anaona bwino, sanayang'ane mendulo. Patapita zaka zisanu, ali ku Melbourne Vixens, anatenga ligi ya ku Australia atagonjetsa West Coast Fever 66-64, iye n'kusankhidwa wosewera bwino wa ndime yomalizayo. Dzanja linali lomwelo la mu 2015. Chimene chinawonjezereka ndi madokotala, malo ophunzirira abwino, malipiro obwera pa nthawi yake ndi anzake okonzekera mofanana naye.

Manambala nawonso amanama

Pofika apa wina angaganize kuti ndikunena kuti tingowerenga zigoli basi. Ayi. Zigoli zimakondera anthu akutsogolo. Claude Makélélé ankatha nyengo yathunthu osagoletsa. Real Madrid inatenga ligi mu 2003, n'kumugulitsa ku Chelsea poganiza kuti ntchito yake aliyense angaigwire, ndipo inakhala mpaka 2007 osatenganso ligi ngakhale inali ndi Zidane, Ronaldo wa ku Brazil, Raúl ndi Beckham. Ku Chelsea anatenga ligi kawiri motsatizana. Olivier Giroud pa chikho cha dziko lonse cha 2018 sanagoletse, ndipo palibe mpira wake ngakhale umodzi umene unalunjika pagolo, koma mphunzitsi Didier Deschamps sanamuchotse chifukwa ankakoka otchinga kumbuyo n'kutsegulira njira Mbappé ndi Griezmann. Wotchinga kumbuyo wodziwa ntchito amaima pamalo poti mpira usabwere n'komwe, ndipo chimene sichinachitike palibe amachilemba.

Zigolinso sizilemera mofanana. Chachinayi pa masewero a 5-0 si chimodzimodzi ndi choyamba pa masewero a 1-0. Penate si chimodzimodzi ndi kudutsa anthu atatu. Ku Ulaya ndi ku America tsopano amawerenga zinthu zambiri: mipira yopatsira imene yabala chigoli, mtunda umene wosewera wathamanga, kulemera kwa mpata uliwonse umene anapeza poyerekeza ndi zigoli zimene anamwetsa. Zimenezi zimathandiza, makamaka kuonetsa amene amagoletsa m'malo ovuta, koma sizilowa m'malo mwa maso a munthu amene anaonera masewero.

Funso limene ine ndimaliona lothandiza ndi ili: tikamuchotsa munthuyu, timu yake itsala pati? Chotsani Horry, Lakers ikhalabe ndi Shaquille ndi Kobe. Chotsani Weah, Liberia siyandikira n'komwe chikho cha Africa. Chotsani Makélélé, Madrid inaonetsa yokha yankho. Funso limeneli limafuna manambala, limafunanso kudziwa amene ankasewera naye, amene ankalimbana naye, ndi zaka zingati zimene anakhala pamwamba. Chikho chili ndi malo ake pamenepo ngati umboni umodzi mwa ambiri. Timu yathu ya amayi, Scorchers, itatenga chikho cha COSAFA mu 2023, kugonjetsa Zambia 2-1 m'ndime yomaliza, Temwa anali ndi zigoli 9 mu mpikisanowo, ndipo apo chikho ndi manambala zinalankhula chimodzi.

Amene sanalembedwe

Pali chinthu china chimene ife a kuno chiyenera kutidetsa nkhawa kuposa mkangano wa Messi ndi Ronaldo. Chikho chimadzisunga chokha: chili ndi chithunzi, chili ndi tsiku, dzina la timu limazokotedwa pa chitsulo. Manambala amafuna munthu woti awalembe ndi kuwasunga. Kumene kulibe wolemba, katswiri wopanda chikho amangotsala m'nthano za akuluakulu, ndipo akuluakuluwo akamapita amapita naye.

Mu December 2012, Messi atapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller anamwetsa mu 1972, a FAZ anadzutsa dzina la malemu Godfrey Chitalu. Anati m'chaka chomwecho cha 1972, Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'mipikisano yonse. Ofufuza a ku Zambia anachita kubwerera m'nyuzipepala zakale, kuwerenga chigoli chimodzichimodzi. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga ziwerengero za maligi a m'maiko, kotero sangatsimikize za Chitalu ngakhale za Messi. Komatu za Messi sizinkafuna FIFA: chigoli chilichonse chili pa kanema, chili m'mabuku a ligi, chili m'nyuzipepala za dziko lonse. Za Müller nazonso zinalembedwa bwinobwino chaka chomwecho cha 1972. Chitalu yekha ndiye anachita kumenyeredwa nkhondo patatha zaka 40, mwini wake atagona kale, popeza anali mphunzitsi wa timu ija inagwa ndi ndege. Anamwetsera Zambia zigoli 79, ndipo chikho cha Africa sanachigwire. Popanda manambala, munthu ameneyu dziko likanamuiwala.

Kinnah Phiri anamwetsera Malawi zigoli 71 pa masewero opitirira 110, m'zaka zosakwana khumi. Ndi mmodzi wa anthu ochepa kwambiri mu Africa amene anafika pa nambala yotere. Iye mwayi wa zikho anaupezako: Flames inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 kuno kwathu ndi mu 1979 ku Kenya. Koma ku Africa Cup of Nations sanasewereko. Malawi inapitako koyamba mu 1984 iye atachoka kale kupita ku Swaziland, ndipo anadzakafikako mu 2010 ngati mphunzitsi, ku Angola, kumene Flames inaswa Algeria 3-0. Mnyamata wa ku Cairo kapena ku Dakar sadziwa za chikho cha 1978. Dzina la Kinnah amalipeza akatsegula mndandanda wa omwetsera zigoli maiko awo, n'kuona Mmalawi ali pamwamba pa Drogba ndi Samuel Eto'o. Chimene chikumusungira malo m'mbiri ya mpira wa Africa ndi nambala 71, ndipo ilipo chifukwa anthu ena anakhala pansi n'kusonkhanitsa masewero amodziamodzi.

Zikho zikuluzikulu zimapita kumene kuli ndalama, anthu ambiri ndi mabwalo abwino. Chikho cha dziko lonse cha amuna, kuyambira 1930 mpaka 2022, chinatengedwa ndi maiko 8 okha, onse a ku Ulaya ndi ku South America. Mwana wa ku Mzimba kapena wa ku Petauke angakhale ndi luso lotani, mpata woti achigwire ndi wochepa zedi, ndipo si chifukwa cha iye. Chimene angathe kusiya ndi mbiri ya zimene mapazi ake anachita, ngati ilembedwa. Masewero aliwonse a ligi amakhala kale ndi lipoti la woyimbira. Chofunika n'chakuti a FAM ndi a SULOM asonkhanitse malipoti amenewa pamalo amodzi poti mtolankhani, mphunzitsi wakunja ndi wokonda mpira aliyense angathe kuwaona: ndani anasewera, ndani anagoletsa, pa mphindi iti, ndani anamupatsira. Azitero ku Super League, ku maligi a m'zigawo, komanso ku mpira wa amayi, m'matimu ngati DD Sunshine ndi Blantyre Zero kumene Tabitha ndi Temwa anadutsa asanakwere ndege.